Simenti yanga inakwera minibasi, njinga, bwato ndi ngolo

Kwawo kwa amayi ndi ku Makhanga, kutsidya kwa Shire. Chaka chino abale anagwirizana kuti timange chiliza pamanda a agogo mvula isanagwe, ndipo ine wa m'tauni anandigawira simenti. Matumba anayi okha. Malume anandiuza kuti ndikagule ku Bangula, koma ine ndi nzeru zanga ndinati ku Limbe n'kotchipa. Kondakitala atangowaona anati, "Achimwene, awa ndi anthu anayi." Tinakanganapo mpaka tinagwirizana kuti akhale anthu awiri. Phindu langa lonse linathera pomwepo, galimoto isanalize n'komwe.

Amene sanatsikepo chitunda cha ku Thabwa sadziwa kuti Malawi ali ndi chipinda chapansi. Msewu umakhota ngati njoka, makutu amatseka, mabuleki amanunkha, ndipo pofika pamlatho wa Kamuzu juzi umene unavala ku Blantyre umasanduka chilango. Chakufupi ndi pamenepa, kwa Katunga, ndi pamene sitima za pamadzi za kampani ya Mandala zinkathera ulendo wochokera ku Chinde, doko la ku Mozambique pamene Zambezi amathira m'nyanja ya mchere, popeza kumtunda kuli mathithi. Katundu yense ankakwera phiri lomweli pamitu ya atengatenga. Ndinayang'ana matumba anga pansi pampando n'kuona kuti zaka zoposa zana zapita koma nkhani ndi yomweyo: katundu afika bwanji, ndipo alipira ndani.

Nchalo tinadutsa ndi fungo lake la nzimbe, Ngabu ndi ng'ombe zake, ine tulo.

Malume ankandidikira ku Bangula. Iwowa anagwira ntchito ku Malawi Railways mpaka nthawi imene anthu ambiri anachotsedwa m'zaka za m'ma 1990, ndipo mpaka lero sanena kuti "boma", amati "kampani". Asanandifunse za kunyumba anandikokera kusiteshoni yakale kuti ndikaone njanji. Mbuzi zinali zitagona pakati pake, udzu utamera m'mipata.

"Mphwanga, simenti yakoyi kale ukanaikweza ku Limbe n'kukaitsitsira pakhomo pa amako. Luchenza, Sandama, Thekerani, Sankhulani, Makhanga." Masiteshoniwo ankawatchula ngati akuwerenga ana awo.

Sankanama. Njanji yoyamba m'dziko muno inayambira m'chigwa chomwechi, kuchoka ku Port Herald, komwe lero timati Nsanje, n'kufika ku Blantyre mu 1908. Mlatho wa Dona Ana pa Zambezi utatha mu 1935, sitima inkachoka ku Beira mpaka kuno osatsitsa katundu panjira. Tiyi wa ku Thyolo ndi Mulanje, fodya, thonje la kuno kuchigwa, zonse zinkatulukira pano, mafuta ndi feteleza n'kulowera pomwepa. Titalandira ufulu njanjiyi inadzakhala ya boma, ndipo kampani yomweyo ndiyo inkayendetsanso Ilala ndi sitima zina za panyanja. Chimene malume amakumbukira kwambiri si mabogi a tiyi ayi, koma mayi wa nthochi wa ku Thekerani, mnyamata wa mlamba wowamba, mwana wa sukulu ndi sutikesi yake yachitsulo. Sitima inkaima paliponse pamene panali siteshoni, kaya pali phindu kaya palibe.

Kenaka nkhondo ya ku Mozambique inatseka njira ya ku Beira m'zaka za m'ma 1980, katundu wathu n'kuyamba kuzungulira pamathiraki mpaka Durban ndi Dar es Salaam. Mu 1997 madzi anakokolola njanji pakati pa Bangula ndi Chiromo. Mu 1999 boma linapereka njanji zonse kwa a Central East African Railways kuti aziyendetsa. Sitima ya ku Limbe inapitiriza kufika pa Makhanga, mpaka madzi osefukira a 2015 anadzamaliza ntchito.

Ine sindili ngati malume amene amaona zakale zonse zoyera. Ndinawakumbutsa kuti kampani yawoyo inkachedwa, inali ndi ngongole, ndipo inkadalira thumba la boma. Anavomera ndi mutu, koma anandibwezera funso: "Nanga ngongole imene ukulipira iweyo lero kwa kondakitala, akuilemba ndani?" Ndinasowa poyankha. Wabizinesi sindimuda, amatsata kumene kuli katundu wolemera, n'chifukwa chake malasha a ku Moatize ku Mozambique amadutsa bwinobwino kumtunda kwa Chikwawa pa njanji yatsopano yopita ku Nacala. Koma matumba anayi a simenti opita kumaliro akale si katundu amene munthu angamangire mlatho. Ameneyo ndi katundu wa boma, ngati boma lifuna.

Anyamata awiri a kabaza anamanga matumba awiriawiri pakaliyala n'kuyamba kukankha, osapalasa, mpaka pa Mtayamoyo. Dzinalo silinaperekedwe mwamasewera. Apa ndi pamene madzi anaboola mtunda wa njanji, ndipo wopita kutsidya amakwera bwato. Mwini bwato anayala timitengo pansi, n'kugoneka simenti pamwamba pake, n'kufunditsa pulasitiki wakuda. Tinakwera anthu asanu ndi awiri, njinga imodzi ndi nkhuku zomangidwa miyendo. M'mphepete mwa bwato munatsala kadanga kosakwana chikhato kuti madzi alowe. Kamnyamata kena kanakhala kumbuyo ndi chigubu chodula pakati, ntchito yake kukapa madzi basi, kapu! kapu! osapuma. Namasupuni ankakola nkhafi. Mayi wina amene anakhala patsogolo panga anandiuza osatembenuka kuti, "Bambo, dzanja m'kati." Ndinali nditaligwetsera m'madzi kuti ndimve kuzizira, kuiwala kuti muno eni ake ndi ng'ona.

Pakati pamadzi malume analoza ndi mlomo: "Sitima inkadutsa apo." Ine ndinangoona bango ndi mbalame zoyera.

Kutsidya tinapeza ngolo ya ng'ombe. Titafika kumudzi dzuwa litapendeka, tinapeza kuti thumba lapansi lanyowa ngodya imodzi, ndipo mmawa mwake ngodyayo inali mwala. Mmisiri anaiphwanya n'kuiponya m'maziko, akuti palibe chotaya. Azakhali anaphika nsima ya mapira ndi mlamba, chiliza chinamangidwa, tinapemphera, tinamwa thobwa. Za kumeneko ndi za banja.

Pobwerera ndinaumirira kuti tikaone doko la ku Nsanje, popeza ndinali ndisanafikeko. Ndimakumbukira tsiku lotsegulira mu Okutobala 2010, tikumvera pawailesi: Bingu wa Mutharika ali ndi Robert Mugabe ndi Rupiah Banda, anthu akudikira sitima yonyamula feteleza yochokera kunyanja ya mchere. Sitimayo siinafike. A ku Mozambique anaigwira, ponena kuti kafukufuku wa mmene mitsinjeyi ingayendedwere anali asanachitike. Maganizo ake anali omveka ndithu: kuchoka pa Nsanje kutsata Shire ndi Zambezi mpaka Chinde ndi makilomita 238 okha, ndipo dziko lopanda gombe ngati lathu limalipira mtengo wa mtunda pa lita iliyonse ya petulo ndi thumba lililonse la feteleza. Koma mtsinje ukangodutsa Marka ndi wa eni ake.

Chimene ndinapeza ndi khoma lalitali la konkire, lolimba bwino, madzi ali phee m'munsi mwake. Amayi ankachapa chapafupi, ana akuwedza ndi mbedza, mabwato angapo atakocheza. Malume anagogoda konkireyo ndi ndodo yawo n'kunena kuti simenti yake inali yabwino. Sanawonjezerepo kanthu.

Anadzayambanso kulankhula titakhala pansi pamtengo kudikira galimoto. Mu 2024 sitima yonyamula mafuta kuchokera ku Beira inafika pa Marka, koyamba patapita zaka zambirimbiri, ndipo ntchito yokonza makilomita 72 a njanji kuchoka pa Marka kufika Bangula ndi imene amaitsatira pawailesi kuposa mpira. Akuti ikadzafika pa Bangula adzavala jekete yawo yakale ya kampani. Ndinawafunsa kuti nanga pa Mtayamoyo idzawoloka bwanji. Anati ndisawasokoneze.

Minibasi inabwera. Azakhali anali atandimangira kathumba ka mapira ndi mtolo wa nsomba zowamba. Kondakitala anakanyamula, anakayeza m'manja, n'kundiyang'ana: "Bwana, aka ndi munthu mmodzi."