Zimene ndaphunzira za chiwindi cha munthu wa HIV ndi hepatitis B

Sabata ino takhala pa mutu wa odwala amene ali ndi kachilombo ka HIV pamodzi ndi ka hepatitis B, ndipo mfundo imene yandivuta kuimeza ndi yakuti ka hepatitis B sikawononga chiwindi pakokha kwenikweni. Chimene chimatupitsa chiwindi ndi nkhondo ya asilikali a m'thupi, amene amapha maselo a chiwindi momwe kachilomboka kabisala.

Ndinamvetsa izi mphunzitsi atatiikira pa tebulo pepala la zotsatira za magazi, dzina litafufutidwa. CD4, imene imasonyeza kuchuluka kwa asilikali a m'thupi, inali yotsika kwambiri, HBsAg, muyeso wofufuzira hepatitis B m'magazi, inasonyeza kuti kachilomboka kalimo, koma ALT, imene imakwera chiwindi chikamapweteka, inali pamlingo wabwino. Ine ndinafulumira kunena kuti chiwindicho chili bwino, ndipo ndinalakwa. HIV ikafooketsa chitetezo, asilikali amachepa mphamvu, ALT sikwera kwambiri, koma kachilombo ka hepatitis B kamaswana mopanda woletsa, ndipo zipsera zimakula mwamsanga kuposa mwa munthu amene alibe HIV, mpaka chiwindi kuuma kapena kugwidwa khansa. Mwa akuluakulu athanzi amene atenga hepatitis B, oposa 90 pa 100 alionse amakachotsa okha m'thupi, pamene kwa munthu wa HIV mwayi umenewu umachepa, ndipo ngakhale katemera sagwira bwino CD4 ikakhala pansi.

Vuto lina limabwera munthu akayamba ma ARV. Chitetezo chikamabwerera, asilikali amapeza chiwindi chodzaza ndi tizilombo ndipo amachiukira mwamphamvu, moti m'miyezi yoyamba wodwala akhoza kubwera ndi maso achikasu, mkodzo woderako ndiponso nseru. Wachipatala wosadziwa angaganize kuti mankhwala ndiwo olakwa n'kumusiyitsa, chonsecho kusiyitsako ndiye koopsa kwambiri.

Kuno ku Malawi, kuyambira 2019 anthu ambiri amamwa piritsi limodzi la tenofovir, lamivudine ndi dolutegravir, ndipo awiri oyambawo amapondereza hepatitis B. Choncho ambiri akulandira chithandizo cha matenda a chiwindi osadziwa n'komwe kuti ali nawo. Komabe mankhwalawa sakuchotsa kachilombo ka hepatitis B, chifukwa mbewu yake imatsalira mkati mwa maselo a chiwindi, ndipo munthu akadumpha kukatenga mankhwala kwa miyezi ingapo, kamadzuka ndi ukali umene ungalepheretse chiwindi kugwira ntchito. N'chimodzimodzi pamene tenofovir wachotsedwa chifukwa cha vuto la impso: lamivudine akatsala yekha, kachilomboka kamamuzolowera pakapita zaka zochepa. N'chifukwa chake ndikuona kuti sikoyenera kusintha mankhwala a munthu tisanamuyeze HBsAg, ngakhale mzere panja utatalika bwanji.

Za kupewa tinangodutsamo. Katemera wa hepatitis B analowa m'ndondomeko ya ana a kuno mu 2002, pa masabata 6, 10 ndi 14, kutanthauza kuti akuluakulu ambiri amene ali pa ma ARV anabadwa iye asanafike. Ndadzilembera kuti pokambirana ndi wodwala wotere ndizimufunsanso za kachasu, mankhwala azitsamba, komanso ngati mtedza ndi chimanga chimene amadya chili ndi chuku, popeza poizoni wa chuku akakumana ndi hepatitis B amakulitsa chiopsezo cha khansa ya chiwindi.