14 Julayi: chingwe cha pa Matterhorn

14 Julayi ndi tsiku la Matterhorn, phiri lomwe lili m'malire a Switzerland ndi Italy. Pa 14 Julayi 1865 anthu 7, otsogozedwa ndi Edward Whymper, anakhala oyamba kufika pansonga ya phiri la mamita 4,478 limeneli. Ananyamuka ku Zermatt, mudzi wa ku Switzerland womwe uli m'munsi mwa phirili, dzulo lake, nagona m'tenti panjira, ndipo pamwamba anafika nthawi ili 1:40 masana. Kunyumba anabwerera atatu okha.

Zovala zawo zinali majekete ndi mathalauza aubweya, zolemera zikanyowa. Nsapato zinali zachikopa, zokhomedwa misomali kunsi kuti zigwire pamwala, koma misomaliyo ikaperepeseka, nsapato imaterera ngati sopo. M'manja ankanyamula nkhwangwa ya mpini wautali yosemera masitepe m'madzi oundana. Malamba achitetezo a masiku ano kunalibe, chingwe ankangochimanga m'chiuno.

Anatenga zingwe zitatu. China chinali cha ulusi wa manila, wofanana ndi khonje, mamita pafupifupi 60. China chinali chokhuthala kuposa icho. Chachitatu chinali chowonda, chongotengera kuti achimangirire pamiyala ndi kuchisiya komweko.

Potsika anandandalika motere: Michel Croz, katswiri wolondolera anthu m'mapiri, patsogolo, kenako Douglas Hadow, Charles Hudson, Lord Francis Douglas, Peter Taugwalder wamkulu, Whymper, ndi Taugwalder wamng'ono, mwana wa wamkuluyo, kumapeto. Hadow anali ndi zaka 19 ndipo mapiri sanawazolowere. Croz anaika nkhwangwa pambali n'kumamugwira miyendo, kumuponderetsa phazi limodzilimodzi. Mwadzidzidzi Hadow anaterereka n'kugwera Croz, awiriwo anakoka Hudson, Hudson anakoka Douglas. Whymper ndi Taugwalder wamkulu anaponda molimba pamwala, chingwe chinakungika, kenako phuthu! Chinaduka pakati pa Taugwalder ndi Douglas. Anayiwo anagwa mamita pafupifupi 1,200. Mtembo wa Douglas sunapezeke mpaka pano.

Atachiyang'ana, chinali chowonda chija. Koma kuimba mlandu chingwe chokha n'kufulumira. Maganizo omanga chingwe china pamwala pamalo ovutawo analipo, koma sanawachite. Anthu 7 kulumikizana pamalo otsetsereka popanda pokola, ndiye kuti mmodzi akagwa akoka onse. Chingwe cholimba mwina chikanapha 7 m'malo mwa anayi.

Zida zinasintha pang'onopang'ono. Zitsulo za mano 10 zovala kunsi kwa nsapato, zomwe Oscar Eckenstein anaganiza ndipo Henry Grivel anasula ku Courmayeur, ku Italy, zinabwera patapita zaka zoposa 40. Zingwe za nayiloni, zomwe zimatamuka munthu akagwa, zinadza m'ma 1940. Chidutswa cha chingwe chodukacho chili m'galasi ku Matterhorn Museum, ku Zermatt.