Mmene ndinapezera setifiketi ya kubadwa ya mwana wanga wachisamba

Mwana wanga wachisamba anabadwira kunyumba mu 2013, usiku wa mvula, mtsinje utasefukira moti ngolo sikanatha kuwoloka kupita kuchipatala. Amayi anga ndi amene anandithandiza kuchira. Nthawi imeneyo za setifiketi ya kubadwa sitinkaziganizira n'komwe. Lamulo la kalembera linalipo kuyambira 2010, koma zoti mwana aliyense azilembetsedwa zinayamba mu 2015, moti mng'ono wake wobadwira kuchipatala mu 2018 anamulembera fomu ndisanatuluke mu wodi.

Wamkuluyu ndiye anatsalira. Bambo ake ali ku Johannesburg ndipo akufuna mwana akawaone pa holide. Ndiye pakufunika pasipoti, koma usanayambe za pasipotiyo uyenera kukhala ndi setifiketi m'manja.

Ndinapita ku boma, ku ofesi ya NRB, yoona za kalembera wa unzika ndi kubadwa kwa ana, imene ili kwa DC. Anandipatsa fomu ya NR8 n'kundiuza kuti poti mwanayo anabadwira kumudzi, amfumu ayenera kuchitira umboni. Anati pobwera nditengenso chiphaso changa cha unzika, cha bambo ake, ndi khadi la kusikelo. Khadi limenelo ndinalipeza pansi pa sutikesi, mphemvu zitadya m'mbali, koma tsiku lobadwa linkawerengeka. Amayi anzanga, khadi la kusikelo musamakulungire matemba! Bambo ake anajambula chiphaso chawo mbali zonse n'kutumiza pa WhatsApp, ine ndinakasindikiza pa sitolo ya fotokope.

Kwa amfumu sikunavute. Mwanayo amamudziwa, amamuona tsiku lililonse akubwera kusukulu. Anasaina n'kudinda chidindo. Sanandipemphe kanthu, koma kwathu kuno kwa amfumu supita chimanjamanja.

Povuta panali ulendo wachiwiri, ndipo wolakwa ndinali ine ndemwe. Mwana wathu aliyense amamuitana ndi mfunda, Phiri. Kusukulu ndi Phiri, pakhadi la kusikelo ndi Phiri, ndiye pafomu ndinalembanso chimodzimodzi, kwa mwana ndi kwa bambo ake komwe. Koma pa kalembera wa ziphaso za unzika wa 2017 uja, bambo ake analembetsa dzina la agogo awo, osati mfunda. Mlembi anayang'ana fomu, nayang'ana chiphaso, nayang'ananso ine.

"Amayi, bambo amene mwalemba apawa ndi awa ali pachiphasowa ndi munthu mmodzi?"

"Ndi omwewo achimwene, kungoti kwathu timaitanana ndi mfunda."

"Ine ndikumva, koma kompyuta sidziwa mfunda. Lembani monga zilili pachiphaso, chilembo ndi chilembo."

Ndinapempha kuti ndingofufuta n'kulemba pamwamba. Anakana, ndipo pano ndikuona kuti ankanena zoona: fomu yofufutafufuta yokhala ndi chidindo cha amfumu, ndani angaikhulupirire? Anandipatsa ina yatsopano. Apo ndiye kuti kubwereranso kumudzi, kabaza ndi minibasi, kukagogodanso kwa amfumu. Usiku umenewo tinakangana pafoni ndi bambo ake kuti mwana atenge dzina liti. Tinagwirizana kuti atenge la pachiphaso, kuopa kuti pachipata cha Mwanza kapena ku Beitbridge angadzafunsidwe chifukwa chimene mayina akusiyanirana ndi a bambo ake.

Ulendo wachitatu ndinalawira, 7 koloko ndili pakhomo. Analandira fomu, analowetsa zonse mu kompyuta, n'kunditembenuzira sikirini kuti ndiwerenge ndekha. Ndinawerenga kawiri, chala chili pa chilembo chilichonse. Anatenga nambala yanga ya foni, ndipo patapita masabata angapo ndinakatenga setifiketiyo.

Nditafika kunyumba mwanayo anailanda, anawerenga dzina lake mokweza, kenako anakwinya nkhope.

"Amayi, ndiye kuti sindinenso Phiri?"

Lolemba ndikupita kwa ahedi kuti akakonze dzina mu kaundula wa sukulu asanalembetse mayeso a Sitandade 8.