Funso la abwana lomwe landitsegula mutu

Mtima wakhala pansi tsopano. Miyezi inayi ndakhala ndikudabwa kuti abwana athu sakalipa bwanji, mpaka ndinkaganiza kuti mwina ndi ofooka.

Ndimagwira ntchito ku kampani ina yopanga mapulogalamu a pakompyuta, koma ndili konkuno ku Mangochi, laputopu pamwendo, fani ikuzungulira magetsi akakhalapo. Lachinayi lapitali ndinachita push, kutanthauza kutumiza code (malangizo omwe timalembera kompyuta), molunjika ku main, komwe kumakhala code yeniyeni yoyendetsa pulogalamu, tsamba lolipirira la kasitomala n'kufa maola awiri. Thukuta lake kuposa la mu Okutobala. Ndinayamba kale kudziona ndikuyanika usipa ndi amalume ku Makawa.

Foni italira, abwana anayamba ndi kuti, "Mwadya kale, achimwene?" Kenako anati, "Tatiuzani, n'chiyani chinakulolani kuchita push wina asanaone?"

Chinakulolani. Osati mwachitiranji. Mawu amenewa ndinagona nawo, ndinadzuka nawo. Iwo ankafuna khomo lomwe linali lotsegula, osati amene analowapo. Poti ine ndinadutsa, mawa akanadutsanso wina. Tsiku lomwelo tinatseka main, moti pano palibe amene angalowetse code mnzake asanavomereze. Akanandikalipira, ulendo wina ndikanabisa, khomo lija n'kukhala chitsegukire.

Chondinyansa n'choti izi tinaphunzira kukoleji. Agile Manifesto, chikalata cha mfundo zopangira mapulogalamu, cholembedwa chaka cha 2001, anthu 17 atakumana ku Utah, mfundo yoyamba yoika anthu ndi kukambirana kwawo patsogolo pa zida ndi ndondomeko. Tinaloweza, tinalemba mayeso, tinakhoza. Koma aphunzitsi omwe ankatiwerengera zimenezi ndi omwewonso ankakuimiritsa kutsogolo kwa kalasi code yako ikakana, anzako n'kumaseka. Zaka zonsezo ndinangophunzira kubisa!

Masiku ano ndakakamira kulemba code awiriwiri, wina akulemba wina akuyang'ana. Kwa ine palibe njira yoposa iyi, olo bandulo izitha ngati mchere m'madzi. Ndikanakhala nduna ya zamaphunziro ndikanailamula m'makoleji onse.

Komabe china chikundisowetsa mtendere. Nanga ndikadzalakwitsa kachitatu? Nanga kasitomala akadzaluza ndalama zenizeni, adzafunsabe ngati ndadya? Ndipo tsiku lomwe adzandipatse wophunzira ntchito woti ndimuyang'anire, iye n'kuphwanya zinthu, kaya pakamwa panga padzatuluka "chinakulolani" kapena mawu a aphunzitsi aja, kaya.