Lipoti la ulendo wa ku Alameda: makina a pinball ndi matenda ake

Loweruka lapitali gulu lathu la okonza zipangizo zamagetsi linakacheza ku Pacific Pinball Museum, pa Webster Street m'tauni ya Alameda ku California. Kuchokera ku Oakland mumadutsa msewu wapansi pa madzi, pang'ono pokha mwafika. Kumeneku amasungako makina a pinball, masewera omenya kampira kachitsulo pa thabwa lopendekeka n'kumapeza mapointi. Pakhomo mumalipira kamodzi, kenako mumasewera osaponyanso ndalama m'makina.

Kwawo kwenikweni kwa makinawa kunali m'mabala, m'masitolo a maswiti ndi m'masitolo a zimbale za galamafoni, pakona pafupi ndi jukebox, makina oimba nyimbo mukaponyamo ndalama. Mwini makina ankawaika m'sitolo ya munthu wina, ndalama za m'bokosi n'kumagawana, kawirikawiri theka theka. Wasitolo ankadya pawiri: achinyamata obwera kudzasewera ankachedwa momwemo, ena n'kutuluka atagulanso chimbale. Koma aboma ankati imeneyi ndi njuga. Ku New York, meya Fiorello La Guardia anawaletsa mu 1942, apolisi n'kumawaswa ndi nyundo, ndipo chiletsocho chinatha mu 1976 katswiri wa pinball Roger Sharpe atasewera pamaso pa khonsolo kusonyeza kuti pamafunika luso. Oakland inachedwa mpaka 2014. Kunena zoona, aboma sankanamiratu: timikono tomenyera mpira, totchedwa flipper, tinayamba mu 1947 pa makina a Gottlieb a Humpty Dumpty. Chisanafike chakacho munthu ankangokankha kampira n'kumaonerera.

Tinakhalitsa pa makina amodzi amene bokosi lake ndi loonekera mkati, opangidwa potengera makina a Surf Champ a 1976. Mulibe kompyuta ngakhale pang'ono. Mukamenya chinthu, mumaona relay (switchi yoyendetsedwa ndi maginito) ikutseka, mota ikuzungulira, mawilo a manambala akudumpha limodzi limodzi.

Matenda aakulu ali pa flipper. Koyilo yake, waya wokulungidwa amene amasanduka maginito n'kuyendetsa kamkono, ili ndi mawaya a mitundu iwiri, wonenepa womenyera ndi wowonda wongogwirizira. Kamkono kakafika pamapeto, kamatsegula switchi yomwe imachepetsa mphamvu, ndipo mpata wake uzikhala pafupifupi mamilimita 3. Ikalephera kutseguka, wosewera akangogwira batani nthawi yaitali koyilo imatentha, pepala lake n'kuda, fungo lopsa n'kuyamba. Ikatseguka msanga, kamkono kamafooka. Fyuzi ikamapsa kawirikawiri, fufuzani chikuipsetsa. Kuikapo yaikulu ndi kupha transifoma.

Mafuta ndiye amapusitsa ambiri. Kachitsulo kolowa m'koyilo kamayenda kouma. Mukathirapo mafuta amagwira fumbi, n'kusanduka phala lomata. Nsonga za maswitchi a makina akale mumapala ndi kafayilo kofewa, koma pa makina a ma board (timatabwa ta kompyuta), amene anafala kuyambira cha mu 1977, nsonga zambiri n'zokutidwa ndi golide: ingodutsanipo kapepala kolimba basi. Ma board ambiri ali ndi mabatire atatu a AA osungira manambala. Akaiwalika amadontha n'kudya njira za mkuwa, choncho asamutsireni kutali ndi board pogwiritsa ntchito waya.

Kampira nako si kachabe. N'kachitsulo, kukula kwake mamilimita 27, kolemera pafupifupi magalamu 80. Kakachita dzimbiri kapena timabowo kamapala utoto wa thabwa ngati sandipepa, ndipo kugula katsopano n'kotchipa kuposa kujambulanso thabwalo. Pakani phula la carnauba, sinthani mphira zouma, ndipo muone kupendekeka: makina atsopano amafuna madigiri 6.5, akale pafupifupi 3.5. Mkati mwa bokosi muli kachitsulo kolendewera pakati pa mphete. Mukagwedeza kwambiri kamakhudza mpheteyo, pamayaka mawu akuti TILT, timikono n'kufa.

Mnzathu wina anafunsa zotumiza makina otere kumudzi. Kuno ku America magetsi ndi 120V pa 60Hz, ku Malawi ndi 230V pa 50Hz. Transifoma yotsitsa mphamvu ithetsa vuto loyambalo, koma mota ya makina akale izizungulirabe mochedwerapo, ndipo mapointi aziwerengedwa mwaulesi.