Mmene ndinaphunzirira batting, kuyambira pa kagwiridwe ka bat

Anthu akaonera T20 (cricket yaifupi ija) pa TV amafuna tsiku loyamba lomwe ayambe kumenya ma six (kumenya mpira kuti uuluke mpaka kunja kwa bwalo), nde ndati ndifotokoze njira yomwe ine ndinadutsa chifukwa cricket ndimaikonda ndipo zimandiwawa kuona ana akugwa ulesi msanga poti palibe anawaonetsa poyambira.

Kochi sanayambe ndi mpira ayi. Anagoneka bat pansi nkundiuza kuti ndiitole ngati ndikutola nkhwangwa, manja onse awiri moyandikana, chala chachikulu ndi chamkombaphala zipange V, ma V awiriwo aloze kumsana kwa bat. Ine ndimamenyera kumanja, nde lamanzere limakhala pamwamba ndipo ndi lomwe limawongolera. Lapansili ukalifinyitsa mpira umauluka m'mwamba, wagwidwa basi. Kenako maimidwe: mapazi atalikirane molingana ndi mapewa, mawondo apinde pang'ono, phewa lamanzere liloze kwa bowler (woponya mpira), mutu usapendekeke. Umapempha guard kwa umpire (woyimbira masewero), kutanthauza kuti akuuze pomwe bat yako yalunjika ndi stump yapakati (middle) kapena ya mbali ya miyendo yako (leg), nkukanda mzere pansi ndi nsapato kuti udziwe pomwe ma stump, timitengo titatu tomwe umateteza, ali kumbuyo kwako.

Pomwe ndinakhalitsa kwambiri ndi pa forward defence, ndipo ndinganene mosabisa kuti apa ndi pomwe pagona batting yonse. Mpira ukamagwera pafupi nawe phazi lakutsogolo limapita komwe ukugwerako, koma choyamba kupita ndi mutu, phazi limangotsatira. Bondo lipinde, chigongono chamanzere chikwere m'mwamba, bat itsike mowongoka pafupi ndi pad (chotetezera mwendo) osasiya mpata, iweramire pansi kuti mpira ukagunda ufere pomwepo pansi pa mphuno yako. Kunyumba ndinaika mpira wakale mu sokosi nkumangirira pa nthambi ya mango, madzulo aliwonse kumangougunda mowongoka, gu, ubwerere, gu, mpaka dzanja lamanzere linazolowera lokha. Zimatopetsa zoona koma taganizani, pitch, kuchokera ma stump ano kukafika enawo, ndi mayadi 22 okha, bowler woponya 140 km pa ola amakupatsa pafupifupi theka la sekondi, nthawi yoganiza palibe, thupi liyenera kudziwiratu.

Defence itakhazikika ma drive sanavute, poti ndi kuyenda komweko kungoti bat umaipitiriza kutsatira mpira. Straight drive muonere Sachin Tendulkar, cover drive muonere Virat Kohli, koma musayang'ane komwe mpira wapita, yang'anani mutu wake mmene wakhalira phee pamwamba pa bondo.

Mpira wogwera patali nawe, womwe umadumpha kufika mchiuno kapena pachifuwa, umafuna ubwerere ndi phazi lakumbuyo. Ukakhala kunja kwa off stump (stump yomwe ili kutali ndi miyendo yako) ndi cut, ukamabwera pathupi ndi pull, zonse ziwiri bat imayenda chopingasa ndipo pomaliza umatembenuza manja kuti mpira upite pansi. Apa vuto si manja koma mantha, mpirawu ndi wolimba, magalamu pafupifupi 160, nde tinayamba ndi wa tenisi kuponyerana pafupi mpaka maso anasiya kutsinzina. Chonde valani helmet. Phillip Hughes wa ku Australia anamwalira mu 2014 mpira utamumenya m'khosi ku Sydney, ndipo anali katswiri woti wasewera ma Test, masewero a masiku angapo a pakati pa mayiko.

Kwa ma spinner, oponya mpira pang'onopang'ono mouzunguza, ndinaphunzira sweep, kugwada ndi bondo lakumbuyo nkusesa mpira kupita ku leg side (mbali ya miyendo yako), koma ukauphonya nkukugunda mwendo uli kutsogolo kwa ma stump ndi lbw, watuluka, nde ndimasankha womwe ukulowera ku leg.

Zija za switch hit ya Kevin Pietersen mu 2008, scoop ya Dilshan mu 2009, helicopter ya Dhoni, ndimazikonda kuonera koma kochi anakana kuti tizikhudze kaye ndipo ndimagwirizana naye, anthuwo anayamba kuzichita atamenya kale mipira yosawerengeka mowongoka. Panopa chomwe ndikulimbana nacho ku ma net, komwe timayeserera, ndi kusiya mpira, uja wodutsa kunja kwa off stump womwe umakukopa kuti uutsatire, kukweza bat m'mwamba nkuulola upite kwa wicketkeeper, wogwira mpira kumbuyo kwa ma stump.