Ndinkafuna dunk, ndinavala kireti

Ring'i ya basketball imakhala mamita 3.05 kuchokera pansi, ndipo siitsika chifukwa choti munthu wailakalaka. Ine msinkhu wanga ndi mita 1.78, ndipo ndikaima n'kutambasula dzanja ndimafika pa 2.32. Pomenya dunk, kutanthauza kudumpha n'kuponyera mpira mu ring'i kuchokera pamwamba pake, dzanja liyenera kupitirira ring'i ndi masentimita ngati 15, ndiye kuti ndinkafunika kudumpha masentimita 88.

Kochi anandiyeza. Umapaka choko kunsonga za zala, n'kuima chammbali pakhoma, kudinda pomwe dzanja lafika, kenako kudumpha n'kudindanso. Mpata wa pakati pa madontho awiriwo ndiko kudumpha kwako. Njirayi inachokera kwa Dudley Sargent mu 1921, ndipo mpaka lero siinaphunzire ulemu. Zinatuluka 48. Ndinati khomalo n'lopendekeka. Tinayezanso, zinatuluka 47.

"Kochi, Spud Webb anali wa mita 1.70 basi, koma anapambana mpikisano wa dunk wa NBA, ligi yaikulu ya ku America, mu 1986," ndinatero.

"Ameneyo ndi Spud Webb. Iwe mphwanga uyambe ndi masikwati."

Dongosolo lawo linali la masabata 12. Masabata 6 oyamba ndi omanga mphamvu: masikwati, ndiko kunyonyomala n'kudzuka, utasenza chitsulo cholemera, maseti 4 a maulendo 5, kawiri pasabata, kupuma mphindi zitatu pakati pa seti ndi seti. Kuwonjezera apo, kunyamula chitsulo kuchokera pansi polimbitsa matako ndi kuseri kwa ntchafu, komanso kunyang'ama pa zala polimbitsa akatumba. Zodumpha kuchokera pabokosi anati ndidikire mpaka nditayandikira kunyamula kulemera kwanga kamodzi ndi theka. Ndimalemera makilogalamu 72, ndiye tikunena 108. Ine ndinkanjenjemera pa 60.

Ndinaona kuti akulu amenewa akundichedwetsa. Usiku womwewo ndinawerenga za Yuri Verkhoshansky, mphunzitsi wa ku Soviet Union amene anatchukitsa depth jump. Umaima pabokosi, n'kuponya phazi kutsogolo ngati wotsika, osati kudumpha. Umatera ndi mapazi onse awiri, kutsogolo kwa phazi kuyamba, ndipo nthawi yomweyo umanjanja kupita m'mwamba. Minofu ndi mitsempha zimakokeka n'kubwerera ngati mphira ya legeni, koma phazi lisakhalitse pansi kupitirira pafupifupi kota ya sekondi, apo ayi mphamvu ija yatha. Woyamba kumene amayambira pa masentimita 30 kapena 40. Verkhoshansky ankakweza akatswiri okhwima pa masentimita 75, maulendo osapitirira 40, kawiri pasabata.

Ine ndinadziika m'gulu la akatswiri okhwima. Ndinatenga tebulo lodyera, n'kumadumpha maulendo 100 tsiku lililonse pasimenti, nditamanganso zolemera m'akakolo kuti zipse msanga. Potera ndinkamveka ngati thumba lagwa m'lole. Tsiku lachisanu ndi chinayi ndinamva kubaya kunsi kwa kafupa ka pabondo. Kutsika masitepe kunayamba kufuna pemphero, ndipo podzuka pampando ndinkabuula ngati agogo. Limenelo ndi bondo la odumpha: mtsempha wolumikiza kafupa ka pabondo ndi fupa la msongolo umakhwima mochedwa kuposa minofu, ndipo ukaumana maola 48 mpaka 72 opuma, umadzitengera tchuthi wokha.

Munthu wanzeru akanalekera pomwepo. Ine ndinapita kubwalo kukaonetsa anzanga zipatso za khama langa. Ndinasanjikiza makireti awiri apulasitiki chafufumimba, akale ndithu, oti dzuwa linawawotcha mpaka kuyera. Ndinauza mmodzi kuti ajambule ndi foni. Ndinagwedeza manja, ndinadumpha, ndipo kunena zoona ndinafika pamwamba. Kwa kanthawi kochepa ndinali munthu wamkulu. Kenako phwa! Mwendo wakumanja unaboola kireti mpaka m'katumba, kireti yapansi inathawira uko, ine chagada, miyendo m'mwamba.

Kuwawa kwake ndikanapirira. Vuto linali loti kiretiyo inakana kuchoka. Mano a pulasitiki anali atapindikira mkati, ndipo ndikakoka ankaluma. Ndinayenda kuchoka pakati pabwalo mpaka kubenchi nditavala kireti, gubudu gubudu, wojambula uja akunditsatira mokhulupirika. Kochi anakabwereka sowo, ndipo akucheka anandiphunzitsa osakweza mawu.

"Kukwera bokosi lalitali sikutanthauza kuti wadumpha kwambiri. Wangopinda maondo kufika pachifuwa, chiuno chakwera pomwe chimakwera masiku onse. Ndipo bokosi limakhala lamatabwa, lotsamira khoma. Usagwedezeke, ndingakucheke."

"Pepani, Kochi."

"Upepese bondo lako."

Ndinasiya kudumpha kwa masabata angapo. Ndinkatsamira khoma ngati ndakhala pampando wosaoneka, masekondi 45, maulendo 5. Kenako masikwati apang'onopang'ono, masekondi atatu kutsika, atatu kukwera. Ululu utatha ndinayamba kuphunzira kutera: maondo aloze komwe zala zakuphazi zaloza, asagwere mkati, chiuno chipite kumbuyo, ndipo phokoso lisamveke. Kochi ankatembenukira kumbali n'kumangomvetsera. Akamva dii! ankati bwereza. Bokosi linabwera pomaliza, la masentimita 30, maseti 3 a maulendo 5, kawiri pasabata, miyendo isanatope. Zolemera za m'akakolo anandilanda, akuti zimachedwetsa mwendo pomwe ife tikufuna liwiro.

Chimene chinandipindulira msanga ndi kathamangidwe kopita kokadumpha. Sitepe yachiwiri kwa yomaliza ikhale yaitali, thupi litsike pang'ono manja ali kumbuyo. Yomaliza ikhale yaifupi ndi yachangu, manja aponyedwe m'mwamba nthawi imodzi ndi miyendo. Kale ndinkadumpha manja ali m'mbali ngati msilikali pa perete.

Titayezanso ndi choko zinatuluka 58. Dunk ikadali kutali ndi masentimita 30, koma kunsi kwa bolodi lakuseri kwa ring'i kuli pa mamita 2.90, ndipo sabata yatha ndinakukhudza ndi nsonga ya chala chapakati. Ndinatera mwakachetechete monga anandiphunzitsira, n'kutembenuka kufuna mboni. Kochi anali atawerama akumanga nsapato. Wa foni uja anati foni yadzaza, ndipo sangafufute vidiyo ya kireti.